Mau Othamangitsana: Mbiri ya Fugue m'Nyimbo za m'Chalichi

Nkhani ino ndi ya mtundu wina wa nyimbo za m'chalichi umene unakula ku Ulaya, makamaka ku Italy ndi ku Germany, nufika pacimace pakati pa caka ca 1600 ndi ca 1750, nyengo imene odziwa mbiri ya nyimbo aicha Baroque. Munthu wosazolowera akamva nyimbo zotere pa wailesi, kawirikawiri ayesa kuti oyimba asokonezana. Gulu limodzi liyamba lokha. Lisanatsirize, lina lilowa ndi kanyimbo komweko. Kenaka lacitatu ndi lacinai, mpaka onse alikuyimba nthawi imodzi koma yense pa malo ace. Si kusokonezana ai. Munthu anakhala pansi nazilemba dala motero. Ndipo kwa zaka pafupifupi 200 akuru a mipingo ndi eni nyimbo anali pa mkangano, ngati n'koyenera kupembedza Mulungu ndi mayimbidwe otere kapena iai.

Poyamba pafunika kumasulira maina awiri. Loyamba ndi counterpoint. Dzinali licokera ku mau a Cilatini otanthauza kadontho koyang'anizana ndi kadontho kanzace, pakuti kale nyimbo zinali kulembedwa ndi timadontho. Luso lace ndi ili: kulemba nyimbo ziwiri, kapena zinai, kapena zisanu, iri yonse yokoma payokha ndi yoyenda njira yaceyace, koma zoti zikayimbidwa pamodzi zigwirizane. M'nyimbo za m'buku zimene mipingo yambiri izolowera, a sopulano ndiwo asenza nyimbo, ndipo a alto, a tenala ndi a besi angoperekeza. Mu counterpoint mulibe woperekeza. Onse ndi eni ulendo. Amene anaonapo akazi atatu alikusinja pa mtondo umodzi adziwa cimeneci: munsi uli wonse ugwa pa nthawi yace, ndipo kukoma kwace kuli pakuti minsiyo sigwa pamodzi, komanso sigundana.

Dzina laciwiri ndi fugue, ndiko kunena kuti kuthawa. Fugue iyamba ndi kanyimbo kakafupi kochedwa mutu. Gulu loyamba liyimba mutuwo lokha. Laciwiri liulandira pamwamba pang'ono kapena pamunsi, ngati munthu wolondola mnzace wothawa, ndipo loyamba lija silileka koma lipitirira ndi kanyimbo kena kolukana nao. Onse akalowa, mutuwo ubisika kanthawi, nubukanso kwina. Mmisiri akhoza kuutembenuza kuti pamene unakwera utsike. Akhoza kuutalikitsa kuti uyende pang'onopang'ono. Akhozanso kucepetsa mpata, kuti wotsata alowe woyamba asanafike ndi pakati pomwe. Nyimbo za kumudzi zimene obvomera alowa wotsogolera asanatsirize ziri ndi cibale pang'ono ndi zimenezi. Kusiyana kwace nkwakuti m'fugue wotsogolera wa tsopano akhala wobvomera posacedwa, ndipo utsogoleri uzungulira onse.

Tsono cobvuta cinali pati? M'Cinyanja dzina limodzi, mau, litumikira zinthu ziwiri: mau amene aturuka pakhosi pa woyimba, ndi mau amene alembedwa m'buku. Mlandu wonse wa nkhani ino uli pakati pa mau awiriwa. Mau a oyimba akacuruka ndi kupingasana, mau a pemphero amira. Ndipo mkuru wa mpingo ali ndi cifukwa comveka cofunsira kuti anthu anadza kudzamva ciani.

Funso limeneli linamveka kwambiri pa msonkhano waukuru wa mabishopu a Katolika umene unakhala ku Trent kuyambira 1545 kufikira 1563. M'caka ca 1562 msonkhanowo unalamula kuti nyimbo zosayera zicotsedwe m'chalichi, ndipo analipo ambiri odandaula kuti m'Misa zoyimbidwa mau samveka. Nthano ina yochuka inena kuti mabishopu anali pafupi kuletsa counterpoint yonse, koma Giovanni Pierluigi da Palestrina, woyimbitsa wa ku Rome, anaipulumutsa polemba Misa imodzi yokoma, Missa Papae Marcelli. Nthanoyo iribe umboni. Coona ncakuti Misayo, imene inasindikizidwa mu 1567, isonyeza njira imene ambiri anaitsata pambuyo pace. Pa ndime za mau ambiri, monga Gloria ndi Credo, magulu achula mau pafupifupi pamodzi kuti amveke. Pa ndime za mau ocepa amene Mkristu ali yense awadziwa pamtima, monga Kyrie ndi Agnus Dei, Palestrina amasula magulu kuti athamangitsane. Pemphero la mau awiri kapena atatu silingatayike, oliyimba angacuruke bwanji.

Palestrina anamwalira mu 1594, ndipo pasanapite zaka zambiri mphepo inatembenuka. Ku Florence ndi ku Mantua kunabadwa masewero oyimba ochedwa opera, m'mene munthu mmodzi ayimba yekha, zoyimbira zirikumcirikiza, kuti cisoni cace kapena mkwiyo wace zimveke ngati alikulankhula. Claudio Monteverdi, amene anali patsogolo pa mayimbidwe atsopano, anatsutsidwa m'buku mu 1600 ndi Giovanni Maria Artusi wa ku Bologna kuti alikuswa malamulo a makolo. Monteverdi anayankha mu 1605 kuti njira ziripo ziwiri, yakale ndi yatsopano, ndipo mbale wace anafotokoza mu 1607 kuti m'yatsopano mau olembedwa ndiwo alamulira nyimbo. Komabe Monteverdi yemweyo, pofuna kupereka mphatso kwa Papa Paul V mu 1610, anaika patsogolo pa buku lace Misa ya magulu 6 ya njira yakale. Kuyambira nthawi imeneyo counterpoint yakale inakhala ngati mkanjo wa wansembe, cobvala cimene palibe abvala kumsika, koma cikaoneka onse adziwa kuti pano mpopatulika. Malamulo ace anasonkhanitsidwa ndi Johann Joseph Fux wa ku Vienna m'buku la 1725, Gradus ad Parnassum, limene Haydn, Mozart ndi Beethoven anaphunziramo.

Koma kumene fugue inabala zipatso zace zazikuru ndi ku Germany, m'mipingo ya Luther. Martin Luther anakonda nyimbo, napatsa anthu nyimbo za m'cinenero cao zoti mpingo wonse uyimbe. Patapita zaka 100 ndi kupitirira, mlimi ndi wamalonda ndi mwana wa sukulu onse anali kudziwa nyimbo zimenezi pamtima. Ici cinapatsa amisiri a nyimbo cuma cacikuru: cingwe cimodzi codziwika cimene anakhoza kulukapo zingwe zina, womvera osasocera. Machalichi a m'mizinda analinso ndi malimba akuru a mipope, oyimbidwa ndi manja awiri ndi mapazi, kotero kuti munthu mmodzi anakhoza kuyendetsa nyimbo zinai nthawi imodzi.

Johann Sebastian Bach anabadwira m'dziko lotere, ku Eisenach, m'caka ca 1685, m'pfuko la oyimba. Makolo ace onse anamwalira iye asanakwanitse zaka 10, naleredwa ndi mkuru wace ku Ohrdruf. Ali ndi zaka 18 anapatsidwa limba la chalichi lina ku Arnstadt. Mu 1705 anapempha masabata anai kuti akamve Dieterich Buxtehude, nkhalamba yochuka ya limba ku Lübeck, ulendo wa mamailosi pafupifupi 250 umene zinenedwa kuti anayenda pansi. Ulendo wonsewo unamtengera miyezi pafupifupi inai. Pobwera, mu February 1706, akuru a mpingo anamuitana ku bwalo. Za kucedwa anamfunsa. Koma anaonjezapo mlandu wina, wakuti poyimbira mpingo anali kulowetsa zacilendo zambiri m'nyimbo, mpaka anthu anasokonezeka. Nkwapafupi lero kuseka akuru ajawa, popeza mnyamatayo anadzakhala Bach. Koma sanali opusa. Anamlemba nchito kuti athandize mpingo kuyimba, ndipo mpingo unali kulephera kupeza poyambira.

Mu 1723 Bach anakhala woyimbitsa wa sukulu ya St Thomas ku Leipzig ndi woyang'anira nyimbo za machalichi akuru a mzindawo. Akuru a mzinda anayamba afuna Telemann, kenaka Graupner, ndipo onse awiri atalephereka anatenga Bach. M'cipangano cimene anasaina munali mau akuti nyimbo zace zisatalike ndipo zisafanane ndi opera, koma zithandize anthu kupembedza. Mapemphero a Lamulungu anali kuyamba 7 koloko m'mawa, natha maora atatu kapena anai. Ulaliki usanayambe kwaya inali kuyimba nyimbo yaitali yochedwa cantata, yomasulira Uthenga wa tsikulo, ndipo m'zaka zoyamba Bach anali kulemba yatsopano pafupifupi sabata liri lonse. Zotsala lero ziri ngati 200. Mau a nyimbozi anali kusindikizidwa m'timabuku timene anthu anagula, kotero kuti wosamva bwino anakhoza kuwerenga.

Oyimba ace sanali akatswiri a ku nyumba ya mfumu. Akazi sanali kuyimba m'kwaya za machalichi amenewo. Mau apamwamba anali a anyamata a sukulu. Mu August 1730 Bach analembera akuru a mzinda kalata yodandaula. Anyamata ogonera pa sukulu anali 55, ogawidwa m'machalichi anai, ndipo mwa iwo anawerenga 17 okha okhozadi nchito. Womvera akamva fugue ya Bach yoyimbidwa lero ndi kwaya yophunzira bwino, akumbukire kuti zambiri zotere zinayamba kumveka pakamwa pa ana ozizidwa, m'chalichi lopanda moto, atakonzekera masiku owerengeka.

Yankho la Bach pa mlandu wa mau linali lakuti counterpoint payokha ikhoza kulalikira. Citsanzo comveka ndi cantata yace ya pa nyimbo yochuka ya Luther imene icokera pa Salmo 46, yofanizira Mulungu ndi linga. M'ndime yoyamba magulu anai atenga mzere uli wonse wa nyimboyo naucita fugue. Pamene alikuthamangitsana, zitoliro zochedwa oboe ziyimba mzere womwewo pamwamba penipeni ndi mau otalika, ndipo coyimbira ca mau apansi kwambiri ciwatsata pambuyo ndi mzere womwewo. Oyimba apezeka ochingidwa kumwamba ndi kunsi ndi nyimbo imene ali yense m'chalichimo aidziwa. Linga lija silinenedwa cabe. Limangidwa m'makutu a anthu. Momwemonso ndime yoyamba ya St Matthew Passion, imene inamveka koyamba pa Lacisanu Loyera mu 1727: kwaya ziwiri zifunsana ndi kuyankhana za Iye amene alikusenza mtanda, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo pamveka, modekha, nyimbo yakale ya Mwanawankhosa wa Mulungu, imene iyankha funso lao.

Si onse anakondwera. Mu May 1737 Johann Adolph Scheibe, mwana wa mmisiri wa malimba wa ku Leipzig, anasindikiza kalata m'nyuzipepala yace ya za nyimbo ku Hamburg. Dzina sanachule, koma onse anadziwa amene anali kumnena. Anabvomereza kuti pa limba pali munthu mmodzi yekha wolingana naye. Koma anati nyimbo zace nzotupa ndi zosokonezeka, kuti luso locuruka laphimba kukoma kwace, ndi kuti magulu onse agwira nchito yolemera cimodzimodzi kotero kuti liu lotsogolera silidziwika. Ena akumbutsa kuti Scheibe anafunsirapo nchito ya limba mu Leipzig m'caka ca 1729 nalephera, Bach ali mmodzi wa oyesa. Kapena panali kadumbo. Koma makutu ace anamva bwino. Cimene iye anaciyesa cirema ndico cimene Bach anali kufuna, kuti pasakhale gulu longoperekeza. Bach sanayankhe ndi colembera cace. Bwenzi lace Johann Abraham Birnbaum, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Leipzig, anamyankhira mu 1738. Nyengo inali kumbali ya Scheibe. Anthu anafuna nyimbo zopepuka, za liu limodzi lomveka, ndipo ana a Bach omwe anali kulemba zotero.

Ku London George Frideric Handel, wobadwa ku Halle caka comweco ca 1685, anapeza njira ya pakati. Mu Messiah, imene inayimbidwa koyamba ku Dublin mu April 1742, ayamba fugue, koma mau akafuna kukhomeredwa aileka, magulu onse nagunda pamodzi. Fugue yaitali aisungira ku mapeto, pa liu limodzi lokha, Amen. Cimeneci ndi cifukwa cimodzi cimene ndime za Messiah zinafikira kwaya za maiko ambiri, ndi za kum'mwera kwa Africa zomwe, pamene za Bach zinatsalira kwa ocepa.

Bach anacita zosiyana: m'malo mopepukitsa, anabwerera m'mbuyo. Ca m'ma 1742 anakopa Misa ina ya Palestrina naikonzera oyimba ace. Kale mu 1733 anali atatumiza Kyrie ndi Gloria ku Dresden kwa mfumu yatsopano ya Saxony, imene inali ya Katolika, kupempha dzina la ulemu loti limcirikize pa mikangano yace ndi akuru a Leipzig. Dzinalo linadza mu 1736. Tsono m'zaka za 1748 ndi 1749, maso ace alikufooka, anatenganso ndime ziwirizo naonjeza zotsala zonse za Misa ya Cilatini. Imeneyi ndiyo ichedwa Mass in B minor.

M'Misa imeneyi muli ndime ziwiri zimene ziyenera kucheredwa khutu. Yoyamba itsegula Credo, cibvomerezo ca cikhulupiriro. Mutu wace Bach sanaupeke. Ndi kanyimbo kakale kamene ansembe anali kuyambira nako cibvomerezoci zaka mazana ambiri Luther asanabadwe, ndipo ku Leipzig kanali kumvekabe. A tenala akayamba, a besi atsata, kenaka a alto, ndi magulu awiri a sopulano, ndi mavayolini awiri amene alowa ngati oyimba nawonso: zingwe 7 za kanyimbo kamodzi. Pansi pao zoyimbira za besi ziyenda mosapuma, phazi ndi phazi, ngati anthu a paulendo. Ca kumapeto a besi ayimba mutuwo mocedwa kawiri, anzao alikuupikisana pamwamba. Mau ndi ocepa, ndipo abwerezedwa kufikira palibe angawaphonye. Cimene khutu limva ndi cibvomerezo cimodzi m'kamwa zambiri, yense alikulowa pa nthawi yace.

Yaciwiri ndi Confiteor, ndime yonena za ubatizo ndi za kukhululukidwa kwa macimo. Popeza nkhani ziri ziwiri, mitu irinso iwiri. Magulu asanu ayamba ndi mutu wa ubatizo. Kenaka atenga wa cikhululukiro. Kenaka mitu yonse iwiri imveka nthawi imodzi, yolukana, monga ciphunzitso cinena kuti ziwirizi sizilekana. Pamene womvera ayesa kuti malo adzaza, kanyimbo kakale ka ansembe kalowanso, a besi patsogolo, a alto pambuyo pao; ndipo pambuyo pace a tenala akagwira ndi mau otalika, ngati mtanda wa denga pakati pa phaso. Zitatero mau afika pa kuyembekeza kuuka kwa akufa, ndipo zonse zisintha. Liwiro litha. Magulu ayenda mwakacetecete, kucoka pa liu lina kunka pa lina losayembekezeka, kotero kuti womvera sadziwa kumene nyimbo irikunka, monga munthu wopapasa mumdima. Ndipo mwadzidzidzi malipenga ndi ng'oma zibuka. Pano fugue yatsogolera mpingo kufikira pakhomo pa manda, ndipo Bach, mmisiri wa fugue, aileka pa malo amene iyenera kulekedwa.

Ndime yoyamika ya m'Gloria anaitenga ku cantata ya 1731, imene analembera mwambo wolonga akuru atsopano a mzinda, omwe aja anali kukangana nao. Magulu akwera mmodzi pamsana pa mnzace, malipenga nalowa pamwamba ngati magulu oonjezera. Pofika pa pemphero lotsiriza la Misa, lopempha mtendere, Bach sanalembe nyimbo yina. Anabwezanso yomweyo ya ciyamiko.

Misa yonseyi iye sanaimve. Mu June 1749, akali moyo, akuru a Leipzig anayesa kale munthu wodzalowa m'malo mwace, Gottlob Harrer. Bach anamwalira pa 28 July 1750, sing'anga wa ku England John Taylor atamcita opareshoni ya maso kawiri osaphula kanthu. Mkazi wace Anna Magdalena anamwalira mu 1760 alikudalira cithandizo ca amphawi. Zolemba za Misa zinapita kwa mwana wace Carl Philipp Emanuel, amene anayimbitsa Credo yokha ku Hamburg mu 1786. Mozart, podutsa ku Leipzig mu 1789, anamva anyamata a St Thomas alikuyimba nyimbo ina ya Bach ya kwaya ziwiri, napempha mapepala ace kuti awaone. Mu 1829 Felix Mendelssohn, wa zaka 20, anayimbitsa St Matthew Passion ku Berlin, ndipo dzina la Bach linadzukanso. Misa ija inamveka yathunthu koyamba mu 1859, patapita zaka 109 mwini atafa.

Kutalika kwace ndi maora ngati awiri, ndipo mipingo yoti iike yonse m'mapemphero ndi yosowa. Motero imveka kawirikawiri m'nyumba za makonsati, kwa anthu ogula matikiti, ambiri a iwo osadziwa kanyimbo ka ansembe kamene anthu a ku Leipzig akadakazindikira msanga. Mapepala amene Bach analemba ndi dzanja lace asungidwa m'nyumba ya mabuku ya boma ku Berlin, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa zolembedwa zofunika pa dziko lonse. Inki imene anagwiritsa nchito inali ndi citsulo, ndipo yadya pepala m'malo ambiri. Tsamba la Confiteor, pamene anafafaniza ndi kulembanso kambiri, liri pakati pa oonongeka koposa.